Kusankha Jombo za Snowboard Zolimba Ndiponso Zosapweteka Phazi

NYIMBO YOTSEGULIRA: IKWERE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

MUULUTSI:  Lero tikwera mapiri a kumayiko ozizira kumene kumagwa chipale chofewa, ndipo tikambirana za jombo zimene amavala anthu otsetsereka pachipalecho ataima pabolodi lotchedwa snowboard.

Mwina wina kunyumbako wafunsa kale kuti, nanga ife za chipale zitikhudza bwanji? Abale athu ambiri ali ku sukulu ndi kuntchito ku Britain, ku Canada, ku America, ku Norway ndi ku Japan, ndipo ana awo amatengedwa ndi sukulu kukaphunzira masewerawa. Ku England kuli nyumba zikuluzikulu zopangiramo chipale ndi makina, monga za ku Hemel Hempstead, Tamworth, Milton Keynes ndi Manchester, pomwe ku Scotland anthu amatsetsereka m'mapiri enieni a Cairngorm, Glenshee ndi Glencoe. Opita ku Dubai amapeza malo otere m'kati mwa Mall of the Emirates. Ngakhale kuno kum'mwera kwa Africa, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, kuli malo otchedwa Afriski, okwera kuposa mamita 3000, kumene anthu ochokera ku Johannesburg amapita pagalimoto m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ndiye ngati inu kapena mwana wanu mudzaima tsiku lina m'sitolo ya zovala za pachipale, ndikufuna mudzadziwe chofunsa ndi choyang'ana. Khalani nafe.

NYIMBO YAIFUPI

MUULUTSI: Tiyambe ndi kumene masewerawa adachokera, chifukwa mbiri yake ikutiphunzitsa kanthu za jombo. M'chaka cha 1965, bambo wina wa ku Muskegon m'chigawo cha Michigan ku America, dzina lake Sherman Poppen, adalumikiza matabwa awiri otsetserekera otchedwa ski kuti ana ake aakazi aziseweretsa pachipale. Choseweretsacho chidatchedwa Snurfer, ndipo munthu ankangoimapo ndi nsapato zake wamba atagwira chingwe chomangidwa kutsogolo. Mu 1977, Jake Burton Carpenter adayamba kupanga mabolodi ku Vermont, ndipo iye pamodzi ndi ena monga Tom Sims adalimbikira nzeru yomangirira mapazi kubolodi. Anyamata a nthawi imeneyo ankavala jombo wamba za m'nyengo yozizira, makamaka za Sorel, ndipo poona kuti phazi likugwedezeka m'kati, ena ankazula siponji ya m'jombo za ski n'kuilowetsa m'jombo zawozo. Pofika mu 1998, pamene snowboard idalowa koyamba m'mipikisano ya Olympic ku Nagano m'dziko la Japan, makampani anali atayamba kale kusoka jombo zopangidwira masewerawa basi. Vuto limene onsewa ankalimbana nalo linali limodzi: phazi lisamayende lokha m'kati mwa jombo.

N'chifukwa chiyani zimenezi zili zofunika chonchi? Munthu wa pa snowboard amaima cham'mbali, mapazi onse awiri atamangidwa pabolodi limodzi ndi zomangira zotchedwa binding. Alibe ndodo m'manja. Akafuna kukhota, amatsamira kuzala kuti mphepete ya kutsogolo ya bolodi ilume chipale, kapena amatsamira kuzidendene kuti ilume ya kumbuyo. Lamulo lililonse limene thupi likupereka limadutsa mu jombo lisanafike pabolodi. Taganizani za njinga ya kabaza imene mahandulo ake akhwefuka: wopalasa akhotetsa kumanja, koma tayala likuchedwa kumvera. Jombo yokula ili chimodzimodzi. Mwatsamira kuzala, chidendene chanyamuka m'kati mwa jombo, bolodi silinamve kanthu, ndipo mwagwa chafufumimba.

Pachifukwa chimenechi, aphunzitsi a masewerawa amalangiza kuti munthu wa ndalama zochepa ayambe wagula jombo, bolodi azibwereka kaye. Bolodi lobwereka limagwira ntchito kwa aliyense wa msinkhu ndi kulemera kofanana, koma jombo imazolowera phazi la munthu mmodzi.

NYIMBO YAIFUPI

MUULUTSI: Tsopano tifike pa mutu weniweni wa nkhani yathu, umene ndi saizi. Apa omvera ndikupempheni kuti mutchere khutu, chifukwa chizolowezi chimene tidakula nacho ambirife chikhoza kutipweteketsa. Tidaphunzitsidwa kuti nsapato yabwino ndi yosiya mpata kutsogolo, ndipo pogulira mwana timati tigule yokulirapo, akulira momwemo. Pa nsapato ya kusukulu kapena ya kutchalitchi nzeru imeneyi ndi yabwino. Pa jombo ya snowboard ndi yolakwika.

Jombo zimenezi zimayezedwa ndi muyezo wotchedwa Mondopoint, umene ndi utali wa phazi lanu lenileni. Kuti muudziwe, ikani pepala pansi mogunditsa kukhoma, muimepo osavala nsapato chidendene chitagunda khomalo, wina alembe mzere pamene pathera chala chotalika kwambiri. Yezani ndi rula kuchokera kukhoma kufika pamzerewo. Ngati mwapeza masentimita 27, saizi yanu ndi 27, ndipo pa jombo ena amalemba 270. Yezani mapazi onse awiri, pakuti anthu ambiri phazi lina limatalikirapo, ndipo muyezenso m'lifupi mwake. Manambala a saizi a ku Britain, a ku America ndi a ku Ulaya amasiyana, ndipo kampani ina imasoka mosiyana ndi inzake, koma masentimita a phazi lanu sasintha.

Mukalowa m'sitolo, pitani masana kapena chakumadzulo, chifukwa phazi limatupa pang'ono tsiku likamapita, monga momwe lidzatupire muli kuphiri. Tengani masokosi amene mudzavale posewera. Valani jombo zonse ziwiri, mugogode chidendene pansi kuti chikhale m'malo mwake, kenako mumange zingwe zam'kati ndi zakunja mokwanira.

Mukaimirira mowongoka, zala zanu zikhudze kutsogolo kwa jombo. Ndati zikhudze, osati zipindike kapena zipweteke. Kenako pindani mawondo, mutsamire kutsogolo kuti msongolo ukankhe lilime la jombo monga mmene muimire pabolodi. Mukatero mumva zala zikubwerera m'mbuyo pang'ono n'kusiya kukhudza. Imeneyo ndiye saizi yanu. Ngati zala sizikufika n'komwe kutsogolo muli chiimire, jomboyo yakula, ngakhale ikukoma bwanji kuphazi.

Mayeso achiwiri ndi a chidendene. Mawondo ali chipindire, yesani kuimirira ndi zala. Chidendene chanu chikhale chogwidwa, ndipo chikanyamuka chinyamuke pamodzi ndi jombo. Chikamakwera ndi kutsika chokha m'kati, dziwani kuti kuphiri mudzatuluka matuza, ndipo zala zidzachita kukanirira pansi pofuna kugwira bolodi mpaka phazi lonse kukokana.

Chifukwa chimene tikulimbikitsira jombo yogwira chonchi n'chakuti m'kati mwake muli kajombo kena kofewa ka siponji, kamene amalonda amakatcha liner. Siponji imeneyi imaphwa ikavalidwa masiku angapo, ndipo jombo imamasuka. Yomwe inali yogwira bwino m'sitolo imadzakhala yokwana ndendende, koma yomwe inali yomasuka kale imadzasanduka chikhwaya. Jombo yothina pang'ono akatswiri amatha kuikonza. M'masitolo ambiri muli makina otenthetsera liner, ndipo ikafunda mumaivala n'kuima nayo mphindi zingapo kuti iumbike motsatira mafupa a phazi lanu. Koma jombo yokula palibe angaichepetse.

Musafulumire kuvula. Khalani nazo kuphazi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mukuyendayenda ndi kupinda mawondo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo amene akukanikiza, kaya ndi pamwamba pa phazi, pakakolo kapena m'mbali mwa kachala kakang'ono, sadziulula mphindi yoyamba. Mukamva dzanzi kapena kubaya pamalo amodzi, yesani jombo ya kampani ina m'malo mokweza saizi. Kampani iliyonse ili ndi chikombole chake, china chopyapyala, china chotakata. Amene mapazi awo ndi otambalala afunse jombo zolembedwa kuti wide, zimene makampani monga Burton ndi Salomon amapanga. Amayi afunse jombo zosokedwera amayi, chifukwa zimakhala zazifupi kumwamba kuti zisalume katumba, komanso zopyapyala kuchidendene.

Nanga ana? Makolo, ndikudziwa kuti phazi la mwana limakula msanga ndipo ndalama sizitoledwa pansi. Komabe musamugulire jombo yoti akwane nayo zaka ziwiri zikubwerazo. Mwana wovala jombo yokula amagwa kawirikawiri, amazizidwa, ndipo amadana ndi masewerawo tsiku loyamba lomwe. Ndi bwino kubwereka chaka ndi chaka, kapena kugula jombo za ana zokhala ndi kapepala kam'kati kochotseka, kamene mukakachotsa jombo imakula pang'ono.

NYIMBO

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya maphunziro a zamasewera, ndipo lero tikukambirana za kasankhidwe ka jombo za snowboard. Tamaliza za saizi, tsopano tione za kuuma kwa jombo.

Jombo zina zimapindika mosavuta, zina n'zouma gwa. Makampani ambiri amalemba manambala kuyambira 1 mpaka 10, pomwe 1 ndi yofewa kwambiri ndipo 10 ndi youma kwambiri. Koma palibe lamulo limodzi limene onse amatsata, choncho 6 wa kampani ina akhoza kufanana ndi 4 wa inzake. Nambala ikutsogolereni chabe, chigamulo chichokere kuphazi lanu.

Wongoyamba kumene asankhe yofewa kapena yapakatikati. Jombo yotere imamukhululukira akalakwitsa, ndipo imamulola kupinda kakolo pophunzira kukhota. Yofewa imakondedwanso ndi achinyamata odumpha ndi kutembenuzika m'malere. Youma ndi ya munthu wothamanga kwambiri m'malo otsetsereka moopsa, chifukwa imapereka lamulo kubolodi nthawi yomweyo. Kulemera kwa thupi nakonso kuli ndi gawo: munthu wathupi amapinda jombo mosavuta, choncho iye akwereko pang'ono pa nambala ngakhale ali wophunzira. Palinso jombo za pulasitiki youma zofanana ndi za ski, koma zimenezo n'za ochita mpikisano wothamanga mokhotakhota pakati pa mbendera, ndipo zimafuna bolodi ndi zomangira zakezake.

Tibwere ku kamangidwe. Njira zake zilipo zitatu. Yoyamba ndi zingwe wamba zomanga ndi manja. Ubwino wake ngwakuti mumasankha nokha pothina ndi pomasuka, ndipo chingwe chikaduka mumagula china motsika mtengo. Kuipa kwake ngwakuti kumanga kumatenga nthawi, zala zitauma ndi chisanu, ndipo mfundo imakhwefuka tsiku likamapita. Yachiwiri ndi zingwe zongokoka n'kuzitsekera m'kachipangizo, kawirikawiri chingwe china cha kuphazi, china cha kumsongolo. Yachitatu ndi yotchedwa BOA, imene adayambitsa Gary Hammerslag ku Colorado, ndipo idaonekera koyamba pa jombo za K2 ndi Vans mu 2001. Imeneyi ili ndi kagudumu kopotokola kamene kamakoka waya wopyapyala, ndipo mukhoza kumangitsa jombo osavula magolovesi. Ngati mwaikonda ndipo thumba likulola, sankhani ya tigudumu tiwiri, kuti kumunsi ndi kumtunda muzimanga padera. Ya kagudumu kamodzi imakoka paliponse mofanana, ndipo kwa ena imathina pamwamba pa phazi chidendene chisanagwidwe.

Kumbukiraninso kuti jombo siyenda yokha. Iyenera kukwana m'zomangira, zimene zili ndi masaizi akeake, komanso igwirizane ndi m'lifupi mwa bolodi. Zala ndi chidendene zitulukire pang'ono chabe kunja kwa bolodi. Zikatulukira kwambiri zimakhula chipale pokhota n'kukugwetsani, n'chifukwa chake a mapazi aatali amafunika bolodi lotakata. Ndipo kuyambira mu 2017 kampani ya Burton ikugulitsa zomangira zotchedwa Step On, zongopondapo n'kutsekeka zopanda malamba. Zimenezi zimafuna jombo zopangidwira zomwezo, choncho funsani musanalipire.

NYIMBO YAIFUPI

MUULUTSI: Tsopano za kulimba. Jombo yolimba mumaizindikira bwanji? Itembenuzeni muone pamene soli yakumana ndi chikopa, ngati guluu wagwira paliponse popanda mpata. Onani ulusi, makamaka m'malo opindika pakakolo, ngati wasokedwa mizere iwiri. Yang'anani kutsogolo ngati kuli mphira wotchinga zala. Mphira ameneyu ndi wofunika chifukwa pokwera phiri pa mpando wolendewera, phazi limodzi limakhala lomasula, ndipo anthu ambiri amatsamiritsa bolodi pamwamba pa jombo ya phazi lomasulalo. Mphepete ya bolodi ndi yachitsulo chakuthwa, ndipo imacheka jombo pang'onopang'ono mpaka madzi kuyamba kulowa. Ngati n'kotheka, chizolowezi chimenechi chipeweni. Soli ya mphira weniweni, monga ya Vibram, imakhalitsa ndi kugwira bwino pa ayezi kuposa ya siponji yokhayokha, ngakhale imalemererako. Onaninso ngati liner imatuluka, chifukwa yotuluka imauma msanga ndipo ikatha mukhoza kugula ina.

Za jombo zogwiritsidwa kale ntchito ndinene mosabisa. Mtengo wake umakopa, koma siponji yake idaumbika kale ndi phazi la mwini wake woyamba. Chinanso, jombo imene yakhala zaka zambiri m'nyumba yosungiramo katundu imaoneka yatsopano kunja pomwe guluu ndi soli zidafumbutuka, ndipo imakasupuka muli pakati pa phiri. Ngati mwaganiza zogula yotere, tulutsani liner muione, pindani jomboyo ndi manja muone ngati ikadali ndi mphamvu yobwerera, ndipo kandani soli ndi chikhadabo muone ngati sikunyenyeka.

Kukhalitsa kwa jombo kumadaliranso mwini wake. Mukaweruka, tulutsani liner ndi kapepala kopondapo kuti ziume pamalo opita mphepo. Musaziike pafupi ndi moto kapena pamwamba pa chotenthetsera m'nyumba, chifukwa kutentha kumasungunula guluu ndi kupotoza siponji. Nyuzipepala zakale zokwinyira m'kati zimayamwa chinyezi bwino. Musazisiye m'galimoto usiku, mungadzavale jombo youma ndi chisanu m'mawa. Nyengo ikatha, zisungeni zouma, zingwe zitamangidwa pang'ono kuti jombo isataye maonekedwe ake. Ndipo dziwani kuti jombo iliyonse imafewa ndi ntchito. Mukaona kuti mwamanga mpaka pamapeto koma chidendene chikunyamukabe, nthawi yake yakwana.

NYIMBO YAIFUPI

MUULUTSI: Tisanatseke, tikambe za kuzizira ndi za thanzi, chifukwa apa ndi pamene ife obadwira kotentha timasokonezeka kwambiri. Munthu akamva kuti kunja kwazizira kupitirira pamene madzi amaundana, amaganiza zovala masokosi awiri kapena atatu. Musatero. Chimene chimafunditsa phazi ndi magazi oyenda bwino. Masokosi ambiri amathinitsa jombo, magazi amachepa kuzala, ndipo phazi limazizira kuposa kale. Masokosiwo amakwinyikanso n'kuyambitsa matuza. Valani peyala imodzi yokha, yopyapyala, yofika m'munsi mwa bondo, ya ubweya wa nkhosa wotchedwa merino kapena ya ulusi wopangidwa wosasunga madzi. Masokosi a thonje asiyeni, chifukwa amamwa thukuta n'kukhala onyowa tsiku lonse. Musalowetse thalauzi m'kati mwa jombo; m'menemo mulowe phazi ndi sokosi basi. Wengani zikhadabo musananyamuke, pakuti chikhadabo chachitali chikamagunda kutsogolo chimada n'kuzuka.

Pomanga, gwiritsani pakakolo ndi pamsongolo, koma pamwamba pa phazi musakoke mopitirira, chifukwa m'menemo mumadutsa mitsempha. Zala zikachita dzanzi, lowani m'nyumba, masulani jombo, muzifunditse pang'onopang'ono. Khungu likasintha mtundu n'kuuma osamva kukhudza, chisanu chayamba kuwononga mnofu. Musalitikite kapena kuliwotha pamoto, pitani kwa achipatala a pamalopo.

Pali kuvulala kwina kumene madokotala amakudziwa kuti kumakonda anthu a snowboard: kuthyoka kwa kachidutswa ka fupa lotchedwa talus, cha kunja kwa kakolo. Kumachitika kawirikawiri potera munthu akadumpha, ndipo kumanamiza ngati kubinya wamba, moti nthawi zina sikuoneka pa X-ray yoyamba. Mukagwa ndipo kakolo akupwetekabe patapita masiku, bwererani kuchipatala mukanene kuti mudavulala pa snowboard. Jombo yokwana bwino imagwira kakolo ndi kuchepetsa kugwa, koma siilowa m'malo mwa mphunzitsi, chipewa choteteza mutu ndi zotchinga pamfundo za manja, pakuti ophunzira ambiri amavulala m'manja pofuna kudzitchinjiriza akamagwa.

Ndiye omvera, ngati ulendo wanu woyamba uli pafupi, nazi zochita. Yezani phazi lanu usiku uno, mulembe masentimita ake papepala. Pokabwereka jombo, tchulani nambala imeneyo, ndipo ngati akupatsani yokula musachite manyazi kubwerera kukasintha, ngakhale kawiri. Mukatsimikiza kuti masewerawa mwawakonda, pitani m'sitolo yokhala ndi munthu wodziwa kuyeza mapazi, muyese jombo za makampani atatu kapena anayi. Dzina la kampani, mtundu wowala ndi zimene wavala mnzanu zisakusankhireni. Mtengo wokwera nawonso sutanthauza kuti jomboyo ikukwanani. Gulani imene zala zikukhudza kutsogolo, chidendene chili chogwidwa, ndipo palibe pamene pakubaya.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Sabata yamawa tidzakambirana za kavalidwe ka thupi lonse m'nyengo ya chipale, kuyambira chovala cham'kati mpaka jekete yakunja.  

NYIMBO YOTSEKERA